Chaka Chimene Wayilesi Anakhala Chete

1

Mnzanga wapamtima tinkamutcha Wayilesi. Dzina lake lenileni sindilitchula, ndipo mukafika kumapeto mumvetsa chifukwa chake. Tinamupatsa dzinali m'chaka chathu choyamba kukoleji, poti mtsikanayo akatsegula pakamwa m'mawa ankatseka atagona, ndipo masiku ena ankapitiriza ngakhale kutulo. Ine ankanditcha Kadzidzi chifukwa cha magalasi anga aakulu. Tinkagona chipinda chimodzi kuhositelo, bedi lake pamwamba, langa pansi, ndipo tonse tinkaphunzira zowerengera chuma cha makampani.

Makolo ake anamwalira iye ali wamng'ono, ndiye analeredwa ndi azakhali ake, mayi amene anakhala pabanja zaka zambiri osaona mwana. Za azakhaliwo ankakamba tsiku ndi tsiku, n'kumawatsanzira mmene ankakwezera nsidze munthu akasiya kapu pamalo olakwika. Za amuna awo, amene iye ankawatcha ankolo, sankakamba. Ukawatchula, ankasintha nkhani.

Mliri utafika, koleji inatsekedwa ndipo anatiuza kuti tilongedze tsiku lomwelo. Atsikana ankathamanga m'makonde, ena akusangalala ngati ndi holide. Wayilesi anapinda zovala zake pang'onopang'ono, kuzipindula, n'kuzipindanso. Pachipata galimoto ya ankolo inali ikudikira, injini ikulira. Anandigwira dzanja, ngakhale kugwirana kunali kutaletsedwa kale.

"Uzindiimbira, Kadzidzi," anatero. "Osati mauthenga. Uziimba."

Ndinamuseka, ndinati kodi makutu anga sangapumeko ngakhale pa mliri? Iye sanaseke nawo.

2

Maphunziro anasamukira pa intaneti. Kwathu netiweki inkagwira bwino pakhonde la kuseri kokha, ndiye ndinakokera tebulo lositirapo zovala kumeneko n'kulisandutsa desiki. Mayi anga ndi namwino. Ankachoka kusanache bwino, ndipo akabwera ankasamba kaye panja, n'kudya okha m'chipinda mwawo kuopa kundipatsira matenda. Tsiku lonse ndinkakhala ndekha ndi laputopu.

Masabata oyamba zinkasangalatsa. Tinkaona makhitchini a anzathu, ana akudutsa kumbuyo osavala, agogo a wina akufunsa kuti akulankhula ndi ndani. Wayilesi ankadula aphunzitsi mawu monga mwa masiku onse. Koma pang'onopang'ono anthu anayamba kuzimitsa makamera, ena pofuna kusunga bandulo, ena pochita manyazi ndi nyumba zawo. Kalasi inasanduka timabokosi takuda tokhala ndi mayina. Anzathu amene tinkadyera nawo mbale imodzi tinkangotumizirana mafunso a homuweki basi. Ngakhale Nduna, mtsogoleri wa kalasi yathu, mnyamata amene tinali titangoyamba kumvana koleji isanatsekedwe, ankandilembera ngati kalaliki wa boma.

Kenako kamera ya Wayilesi inafa. Patapita masiku, maiki yake nayo inafa. Aphunzitsi akaitana dzina lake, ankangolemba kuti "ndilipo". Ndikamuimbira, foni inkaitana mpaka kuduka, kenako uthenga unkabwera wonena kuti sipika yawonongeka, ndizilemba.

Ndinayamba kulemba. Munthu ukasungulumwa umatsegula mtima wonse. Ndinamuuza za mantha anga pa mayi, za kuzizira kwa Nduna, za zinthu zimene sindikanauza wina aliyense. Iye ankayankha mwachangu, koma mayankho ake anali aukhondo kwambiri. Wayilesi ankalemba ngati nkhuku yapalasa, mawu oduladula, opanda mpumiro. Uyu ankayamba ndi chilembo chachikulu n'kumaliza ndi kadontho. Anasiya kunditcha Kadzidzi, n'kumati "mnzanga". Tsiku lina ndinamukumbutsa za mayi woyang'anira hositelo amene tinkamutcha Sireni, ndipo iye anafunsa kuti sireni yake iti, ya ambulansi?

Ndinayang'ana uthengawo nthawi yaitali. 

3

Loweruka lina ndinavala masiki n'kuyenda wapansi kupita kwawo, poti maminibasi anali ochepa. Misewu inali zii. Mashopu ambiri anali otseka, ndipo pakhomo lililonse lotsegula panali chidebe cha madzi ndi sopo.

Nyumba ya azakhali ndi ya mpanda wautali, wokhala ndi magalasi oswa pamwamba. Ndinagogoda kanthawi. Kachitseko ka pachipata kanatseguka pang'ono, ndipo anatulukira azakhali, masiki mpaka m'munsi mwa maso. Chimene chinandidabwitsa ndi mimba yawo. Inali yaikulu, itatukula diresi kutsogolo.

Ndinawafunira mafuno abwino, ndipo iwo anasisita mimbayo n'kunena kuti Mulungu sachedwa. Nditafunsa za Wayilesi, anati akutsokomola, adokotala alamula kuti akhale payekha, ndipo mlendo aliyense ndi woletsedwa chifukwa cha mmene iwo alili. Ndinapempha kuti angoima pawindo ndimuone. Anati wagona.

Kumbuyo kwawo ndinaona ankolo. Anali ataima pafupi ndi galimoto, paipi ya madzi ili m'manja, koma sankatsuka chilichonse. Madzi ankangothira pansi, kuzungulira nsapato zawo, iwo maso ali pa ine. Makatani onse a nyumbayo anali otseka masanasana.

"Moni wako ndimupatsa," anatero azakhali. "Koma mwanawe, masiku ano munthu woyendayenda ndi amene akubweretsa maliro m'makomo mwa anthu."

Ndisanafike n'komwe pamphambano, foni inanjenjemera m'thumba. Unali uthenga wa Wayilesi, woti ndisadzabwerenso, ndikuwakweza magazi azakhali. Munthu amene ankati ali m'tulo uja.

4

Ndinaimbira Nduna n'kumufotokozera zonse. Anati ndikuganiza kwambiri, aliyense wasintha chaka chino, ndipo Wayilesi akupereka ntchito zake zonse pa nthawi yake, akukhozanso bwino kuposa kale. Komabe ndinamukakamiza mpaka anavomera kuti tisonkhane anthu angapo a m'kalasi, tipite limodzi, tikaime pachipata mpaka titamuona. Chifukwa cha chimwemwe ndinalembera Wayilesi kuti akonzeke, tikubwera gulu.

M'mawa mwake ndinadzuka foni ikuwira.

Pa gulu la kalasi, pomwe tonse tinkatumizirana zidziwitso, nambala ya Wayilesi inali itaponya chithunzi cha uthenga wanga. Masabata apitawo, mayeso a zamisonkho atandivuta, ndinamulembera mwanthabwala kuti aphunzitsi amenewa ndingowalola andikwatire, mwina ndingakhoze. Chithunzicho anachidula bwinobwino, kuchotsa kuseka konse kumene kunali pansi pake. Ndipo anawonjezera mawu akuti wakhala chete nthawi yaitali, koma chikumbumtima chamukana: mamalikisi anga abwino a teremu imeneyo sanachokere m'mabuku.

Tikanakhala m'kalasi yeniyeni, wina akanandiyang'ana kumaso n'kuseka, nkhani n'kuthera pomwepo. Koma anthu anali atatopa, atatsekeredwa m'nyumba miyezi, ali ndi njala ya nkhani. Anandidya wamoyo. Atsikana amene ndinkawaluka tsitsi analemba kuti ankadziwa kale, madzi odikha ndi amene amamiza. Ena anajambula nkhope yanga n'kuiveka chovala chaukwati. Ndinayesa kuyankha, koma mawu anga ankamira pansi pa mauthenga awo. Dzuwa lisanafike pamutu anali atandichotsa pa gulupo, ndipo amene anadina batani lake anali Nduna.

Nditamuimbira, anati iye sakuweruza, koma amene wanena ndi mnzanga wapamtima, ndiye anganamirenji? Za ulendo uja anati tiiwale. Akuluakulu a koleji nawo anandidziwitsa kuti nkhaniyi ifufuzidwa, ndipo aphunzitsi a zamisonkho, bambo wachikulire wa ana akuluakulu, anasiya kunditchula dzina m'kalasi.

Masiku otsatira ndinkalowa m'kalasi ngati mzukwa. Pa sikirini, kabokosi ka dzina langa kankakhala pafupi ndi ka Wayilesi. Mayi anaona kuti sindikudya. Anaima pakhomo la chipinda changa, patali monga ankachitira, n'kumvetsera nkhani yonse. Atamaliza kumva anangofunsa funso limodzi: kodi mawu a mnzakoyo unawamva liti komaliza, ndi makutu ako?

 Miyezi inali itadutsa.

5

Ndinasankha m'mawa wa tsiku la phunziro la zamisonkho, nthawi imene ndinkadziwa kuti Wayilesi akhala pa intaneti. Ndinalowa m'kalasi pa foni, kamera ndi maiki zili zozimitsa, n'kuika mahedifoni m'makutu. Ndinayenda aphunzitsi akulankhula m'mutu mwanga.

Sindinapite kuchipata chachikulu. Kuseri kwa nyumbayo kuli kanjira ka zinyalala ndi kageti kachitsulo, ndipo pa holide ina Wayilesi anandionetsa mmene ankalowetsera dzanja pansi n'kukoka loko wake akachedwa kubwera. Ndinagwada, ndinapisa dzanja, ndipo kageti kanatseguka.

Galimoto ya ankolo panalibe. Ndinadutsa pansi pa zingwe zoyanikira zovala, n'kukafika pawindo la chipinda chodyera. Katani linali litasiya kampata kokwana diso limodzi.

Patebulo panali laputopu ya Wayilesi, ija ya chomata cha duwa pachivundikiro. Pambali pake panali foni yake. Amene anakhala pamenepo anali azakhali, magalasi ali pamphuno, kapu ya tiyi ili pambali. M'makutu mwanga aphunzitsi anayamba kuitana mayina. Atafika pa dzina la mnzanga, ndinaona zala za azakhali zikugogoda, ndipo pa foni yanga panatuluka mawu aja: "Ndilipo."

 Zinsinsi zanga zonse, misozi yanga yonse, ndinkazithira m'manja mwa mayi ameneyu.

Kenako azakhali anaimirira kukatenga shuga. Anali atavala siketi ndi bulauzi wamba, ndipo pamimba pawo panali pafulati ngati panga. Pampando wapafupi panali chinthu chozungulira, chosokedwa ndi nsalu yofiirira, chokhala ndi malamba awiri olendewera pansi. Inali mimba ija. Anali ataivula chifukwa cha kutentha.

6

Ndinabwerera m'mbuyo, msana uli kukhoma. Kumapeto kwa bwalo kunali kachipinda kamene kale ankasungiramo makasu ndi matayala akale. Pachitseko pake panali loko watsopano, ndipo pakhomo panali mbale yakuda ndi kapu. Windo lake linali laling'ono, la zitsulo.

Ndinasuzumira. Munali matiresi, chidebe, ndi mulu wa mabuku athu a kukoleji. Pamatiresipo panakhala mtsikana wowonda nkhope, tsitsi losapesa, akulemba papepala lomwe analitsamiritsa pa bondo. Atatembenuka ndinaona mimba yake, yaikulu, yakupsa. Iyi inali yeniyeni.

"Kadzidzi," anatero, mawu ali osasa ngati a munthu amene sanawagwiritse ntchito nthawi yaitali. "Wachedwa bwanji?"

Anadzikoka mpaka pawindo, ndipo tinagwirana zala pakati pa zitsulo. Anafotokoza monong'ona, mwachangu, maso ali kunyumba yaikulu. Ankolo anayamba kumuvutitsa kalekale, ndipo hositelo ndi imene inkamupulumutsa. Koleji itatsekedwa, analibe kothawira. Azakhali ankapita kukagula zinthu n'kumusiya ndi bamboyo m'nyumba yotseka. Wayilesi atazindikira kuti ali ndi pakati, anagwada pamaso pa azakhali n'kuwauza zonse, akuganiza kuti amuteteza. Azakhali sanalire, sanakalipe. M'mawa mwake anamulanda foni ndi laputopu.

Anamuuza kuti banja lawo silitha chifukwa cha iye. Mwanayo adzakhala wawo. Achibale ndi anthu a kutchalitchi anali atauzidwa kale kuti azakhali ndi oyembekezera, ndipo mzamba wina anali atavomera kudzabereketsa m'nyumba momwemo. Ntchito za kusukulu Wayilesi ankalemba pamapepala, azakhali n'kumazitaipa, kuti koleji isafunse kanthu. Mliri unawachitira zonse: palibe mlendo, palibe sikelo, palibe wofunsa.

Ndinamufunsa kuti nanga mwana akabadwa, iye adzapita kuti.

"Ndikafunsa amati tidzaona," anayankha. "Koma dzana ndinamva ankolo akunena panja pano kuti masiku ano munthu akamwalira ndi chifuwa amaikidwa tsiku lomwelo, bokosi losatsegula."

Nthawi yomweyo kuchipata chachikulu kunalira hutala.

7

Ndinamva azakhali akukoka mpando m'nyumba, kenako phokoso la malamba akumangidwa mofulumira. Chipata chinayamba kukwekwereza. Kuti ndifike pa kageti kaja ndinayenera kudutsa poonekera. Kuimbira apolisi kukanatenga nthawi, ndipo ndani akanakhulupirira mtsikana wolowa m'mpanda wa eni ngati wakuba?

M'makutu mwanga aphunzitsi ankafotokozabe za msonkho wa katundu wolowa m'dziko. Ndinayang'ana foni, ndinayang'ana mnzanga. Ndinamuuza kuti kalasi yonse ili pano m'dzanja langa, koma ndikayatsa kamera, aliyense aona mmene alili, ndipo sizidzabwezeka.

Anatseka maso. Galimoto inali italowa, injini yazima.

"Yatsa," anatero.

Ndinazula mahedifoni, ndinayatsa kamera ndi maiki, n'kulowetsa foni pakati pa zitsulo. Wayilesi anatchula dzina lake lonse. Anati amene akulemba m'dzina lake m'kalasimo si iye. Anatchula msewu ndi nambala ya nyumba, n'kunena kuti watsekeredwa ndipo akuopa kuphedwa. Aphunzitsi anasiya chiganizo pakati. Ndiye timabokosi takuda tija tinayamba kuyaka, kamodzikamodzi, nkhope zimene sindinazione kwa miyezi, pakamwa pali yasa.

Ankolo anatulukira pakona ya nyumba atanyamula jumbo ya buledi. Atandiona anaiika pansi bwinobwino, n'kuyamba kubwera osathamanga. M'dzanja lina anali ndi makiyi a galimoto, atawafumbata kuti nsonga zitulukire pakati pa zala. Anafunsa motsitsa mawu kuti ndalowa bwanji, ndipo ndani akudziwa kuti ndili kuno.

Ndinatembenuza foni kuti iwayang'ane. Mawu a aphunzitsi a zamisonkho anatuluka pa sipika, odekha ngati akuwerenga malamulo a mayeso.

"Bambo, tikukuonani tonse. Phunziroli likujambulidwa, ndipo apolisi ndawaimbira pa foni ina. Musamukhudze mwanayo."

Ankolo anaima. Anayang'ana nkhope zodzaza sikirini ija, kenako anatembenuka, n'kukalowa m'galimoto. Azakhali anali ataima pakhomo la khitchini, mimba yawo itapendekera kumbali poti anaimanga mothamanga. Sanayang'ane amuna awo akutuluka. Ankayang'ana ine, ndipo anandiuza kuti ndawaphera mwana.

8

Apolisi anathyola loko uja masana omwewo. Ankolo anawagwira pa rodibuloko ya zaumoyo, akuyezedwa kutentha kwa thupi. Mlandu wawo ndi wa azakhali unatenga nthawi, ndipo zimene zinanenedwa kukhoti si zanga kuti ndizifalitse. Mayi anga anamutengera Wayilesi kuchipatala chawo, kenako kwathu. Anabereka mwana wamkazi. Masiku ena amamunyamula n'kumuimbira, masiku ena satha kumuyang'ana, ndipo masiku amenewo mwanayo amagona ndi ine.

Sindikunamizeni kuti zonse zinatha bwino. Wina m'kalasi mwathu anajambula zimene zinachitika n'kutumizira mnzake, mnzakeyo n'kutumizira dziko lonse. Nkhope ya Wayilesi kuseri kwa zitsulo inayenda m'mafoni a anthu osamudziwa, ena akuikapo nyimbo. Kukoleji sanabwerere. Akuti mwina chaka chamawa, kwina kumene sakumudziwa.

Anandibwezera pa gulu la kalasi popanda wonena kanthu. Ena anatumiza tizithunzi ta manja opemphera. Nduna analemba uthenga wautali wopepesa, wokhala ndi ndime ngati lipoti. Ndinamuyankha kuti zikomo, ndipo zathu zinathera pomwepo. Amene anabwera ndi miyendo yake kudzagogoda pakhomo pathu anali aphunzitsi a zamisonkho okha, atanyamula matewera.

Inu amene mukuwerenga, mwina muli ndi mwana, m'bale kapena mnzanu amene mumati ali bwino chifukwa amayankha mauthenga. Kandimverere anakanena za m'maluwa, ndipo foni ndi kandimverere wamkulu. Zala zilibe mawu. Aliyense akhoza kuzibwereka. Ife tinali kalasi yathunthu, anthu ophunzira, tikukumana tsiku lililonse, koma mnzathu anasowa pakati pathu miyezi yonseyo ndipo kaundula ankati alipo. Imbani. Akapanda kuyankha, pitani. Akakuuzani kuti wagona, dikirani adzuke.

Koleji itatsegulidwa tinakhalanso m'kalasi yeniyeni, mipando itatalikirana. Mpando wina wakumbuyo unali wopanda munthu. Unali wa mtsikana wina wofatsa amene ankakonda kukhala pafupi ndi chitseko, amene ntchito zake zonse zinafika pa nthawi yake mpaka sabata yomaliza. Aphunzitsi a zamisonkho aja anaitana dzina lake kawiri. Kenako anavula magalasi n'kufunsa kuti ndani mwa ife anamva mawu ake komaliza, ndipo linali liti.

Tinayang'anizana. Palibe anakweza dzanja.